Makina Otchetchera Udzu Akakana Kulira

Mawu oyamba

Mvula ikangokhazikika mu Disembala, udzu wa pasukulu, pachipatala, patchalitchi ndi pabwalo la mpira suchedwa kubisa njira. Apa m'pamene anthu amakumbukira makina otchetchera udzu omwe anawatsekera m'nyumba yosungiramo katundu mwezi wa Meyi. Amawatulutsa, kuwapukuta fumbi, kukoka chingwe kakhumi kapena kuposerapo, koma makinawo osalira. Zotsatira zake n'zodziwika. Udzu umasanduka malo obisalamo njoka ndi udzudzu, ntchito ya munthu mmodzi imafuna anthu angapo a zikwakwa, ndipo kawirikawiri wantchito wosamalira panja ndiye amasenza mlandu woti waononga katundu wa abwana. Ena mpaka amawadula malipiro pa vuto lomwe likanatha ndi petulo watsopano.

Cholinga changa m'nkhaniyi n'kufotokoza momwe munthu wamba angafufuzire chomwe chalepheretsa injini yotere kulira, asanathamangire kwa makaniko. Zambiri mwa izi ndinaziphunzira kwa malume anga omwe amakonza majenereta, mapampu othirira mbewu ndi makina otchetchera udzu, ndipo ine ndimawathandiza pa tchuthi. Kumapeto ndikhudzako mawu omwe timagwiritsa ntchito pokamba za makina, pakuti nawonso ali ndi gawo pa momwe timaganizira za vutoli.

Momwe injiniyi imagwirira ntchito

Makina otchetchera udzu anapangidwa koyamba ndi Edwin Budding wa kufupi ndi tauni ya Stroud ku England m'chaka cha 1830. Iye anatengera nzeruyi ku makina ometa ubweya wa pansalu m'fakitale, ndipo makina akewo analibe injini, ankangokankhidwa. Injini yomwe ili pa makina ambiri a petulo lero imatsata njira yomwe Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa m'chaka cha 1876. Mainjini a Briggs & Stratton, kampani yomwe inayamba ku Milwaukee m'dziko la America m'chaka cha 1908, komanso a Honda, ndi ena ofanana nawo ochokera ku China, onse amayendera njira imeneyi.

M'kati mwa injini muli pisitoni yomwe imayenda uku ndi uku m'silinda. Ulendo woyamba imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo. Ulendo wachiwiri imaupanikiza mpweyawo pamalo ochepa kwambiri. Kenaka pulagi imathetheka kamoto, mpweya uja umaphulika n'kukankha pisitoni mwamphamvu, ndipo uwu ndi ulendo wachitatu. Ulendo wachinayi pisitoni imakankhira utsi kunja. Injini ikamazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti kuphulikaku kukuchitika ka 25 pa sekondi iliyonse.

Choncho injini imafuna zinthu zinayi: mafuta abwino, mpweya wokwanira, moto wofika pa nthawi yake, ndi kupanikizika kwa mpweya m'silinda. Ikakana kulira, ndiye kuti chimodzi mwa zinayizi chasowa. Ntchito ya wofufuza n'kupeza chomwe chasowacho, kuyambira pa zosavuta ndi zosalira ndalama.

Chitetezo choyamba

Musanagwire chilichonse pansi pa makina, zulani waya wa papulagi n'kumuika potalikira. Mpeni wa makinawa ndi womangiriridwa ku mtanda womwe pisitoni imazunguza, kotero kuti kupotoza mpeni ndi dzanja n'chimodzimodzi kukoka chingwe. Injini ikhoza kudzidzimuka n'kudula zala. Gwirirani ntchitoyi panja, kutali ndi mbaula kapena munthu wosuta fodya. Musalize injini m'chipinda chotseka chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha, womwe umapha munthu asanazindikire. Mukafuna kupendeketsa makina, mbali yomwe kuli fyuluta ya mpweya ndi kabuleta ikhale kumwamba. Mukatembenuzira mbali inayo, oyilo amayenderera n'kulowa m'fyuluta, ndipo mumakhala mwaonjezera vuto pa vuto linzake.

Zinthu zapafupi

Malume amakonda kundiuza kuti, “Mphwanga, usanatenge sipanala yamba watsegula maso.” Onani ngati m'thanki muli petulo. Onani ngati kampopi ka mafuta n'kotsegula, pa makina omwe ali nako. Onani ngati waya wa papulagi wakhala bwino, komanso ngati makoswe sanatafune mawaya nthawi yomwe makina anali m'nyumba. Suzumirani potulukira utsi, pakuti mavu aja omanga zisa zadothi amakonda kumanga m'menemo, ndipo injini yomwe ikulephera kutulutsa utsi imalepheranso kukoka mpweya watsopano.

Pa chogwirira cha makina ambiri pali kachitsulo komwe munthu amayenera kukafinya pamene akutchetcha. Kachitsuloka kanafala kuchokera m'chaka cha 1982, pamene dziko la America linalamula kuti mpeni uziima pasanathe masekondi 3 munthu akachotsa manja. Kakatayidwa, kamamanga buleki ndiponso kuzimitsa moto wopita ku pulagi. Nthambo yake ikatamuka kapena kuchita dzimbiri, mukhoza kufinya kachitsuloko koma moto n'kukhalabe wozimitsidwa. Tsatirani nthamboyo ndi maso mpaka painjini, muone ngati ikukoka mpaka kumapeto.

Injini yozizira imafuna petulo wochulukirapo kuti idzuke. Makina ena ali ndi kamphira kofewa komwe mumadina katatu, ena ali ndi kandodo ka choke komwe kamachepetsa mpweya, ndipo ena amadzichitira okha. Dziwani mtundu wa makina anu. Pomaliza yezani oyilo. Mainjini ambiri a pamajenereta ndi pamapampu ali ndi kachipangizo kozimitsa moto oyilo akachepa, ndipo ngakhale pa makina opanda kachipangizoka, kuliza injini youma n'kuipha.

Pulagi ngati mboni

Zapafupizi zikakhala bwino, kokani chingwe kasanu, kenaka masulani pulagi muyang'ane nsonga yake. Pulagi imanena zomwe zikuchitika m'kati. Ikakhala youma, petulo sakufika m'silinda. Ikakhala yonyowa ndiponso yonunkha petulo, mafuta akufika koma sakuyaka, mwina chifukwa achuluka, mwina ndi oonongeka, mwinanso moto palibe. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, injini yakhala ikumwa petulo wambiri ndi mpweya wochepa. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, ndiye kuti oyilo akulowa m'silinda.

Pali kuyesa kumodzi komwe kumagawa vutoli pawiri. Thirani petulo watsopano wosaposa kasupuni ka tiyi pabowo la pulagi, bwezerani pulagiyo ndi waya wake, pukutani wotayikira, kenaka kokani chingwe. Injini ikalira kwa masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, mwadziwa kuti moto ulipo ndipo kupanikizika kulipo, vuto lili m'njira ya mafuta. Ikangokhala chete, funani vutolo ku moto kapena m'kati mwa injini. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi zisanu, koma kumapulumutsa munthu ku ntchito yomasula kabuleta wosalakwa.

Mafuta

Pa makina omwe malume amalandira kumayambiriro kwa dzinja, ambiri vuto lawo limakhala mafuta ogonera. Petulo si chinthu chosungika mpaka kalekale. Pakatha mwezi umodzi amayamba kusintha. Mbali yake yosachedwa kuyaka imauluka, ndipo yotsalayo imasanduka zomata zonga utomoni zomwe zimatseka timabowo ta m'kabuleta. Kuno kwathu makina amakhala osagwira ntchito kuyambira Meyi mpaka Novembala, miyezi yokwana isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, nthawi yokwanira kuti petulo wotsalira m'thanki aonongeke.

Palinso china. Kuyambira m'chaka cha 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, poyamba ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo kuchokera mu 2004 m'boma la Chikwawa. Izi zimathandiza dziko kuchepetsa ndalama zoitanitsira mafuta kunja, ndipo m'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku sizivuta. Koma ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. M'thanki yongokhala, madzi amachuluka pang'onopang'ono mpaka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi, pomwe kabuleta amakokera. Mafuta a m'zigubu ogulidwa m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta ndi okayikitsa koposa, chifukwa wogula sadziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji ndiponso kuti muli chiyani.

Kuti mudziwe, khuthulirani petulo wa m'thanki m'botolo lagalasi n'kulisiya mphindi zingapo. Madzi amaoneka pansi ngati mzere wapadera. Petulo wogonera amakhala wodera ndipo fungo lake limakhala lowawasa ngati la vanishi. Mukapeza zimenezi, chotsani yense, tsukani thanki ndi petulo watsopano pang'ono, n'kuthira wabwino. Zulani kapaipi kopita ku kabuleta muone ngati petulo akutuluka momasuka. Akamangodontha, kapaipiko kapena kasefa kake katsekeka.

Petulo akamafika pa kabuleta koma pulagi n'kumakhalabe youma, ndiye kuti kabuleta watsekeka. Pa makina ambiri pansi pa kabuleta pali kambale komangidwa ndi bawuti imodzi. Tsekani mafuta, masulani bawutiyo, mudzapeza zinyalala, dzimbiri kapena madzi. Pa mainjini ena bawuti yomweyo ili ndi timabowo todutsa petulo, pa ena kabowoko kali pakati, pamwamba pa kambaleko. Tsukani ndi petulo woyera, ndipo kabowo kotsekeka mukatsegule ndi kawaya kofewa kakopa. Musagwiritse ntchito singano kapena msomali. Kabowoko kanapimidwa kuti kilogalamu imodzi ya petulo izikumana ndi makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya, ndipo mukakakuza, injini idzamwa mafuta ambiri, kufuka utsi wakuda ndi kumadetsa pulagi masiku onse. Samalani kamphira kozungulira kambaleko kuti kasaduke.

Injini yomwe imalira mphindi zingapo n'kuzima, n'kudzaliranso ikapuma, kawirikawiri imakhala kuti kabowo kopumira ka pachitsekerero cha thanki katsekeka. Masulani chitsekererocho pang'ono muyesenso. Ikapitiriza kulira, mwapeza vuto.

Nthawi zina vuto limakhala kuchuluka kwa mafuta, makamaka munthu akadina kamphira kaja kambirimbiri chifukwa chotaya mtima. Amakaniko amati injini yatsamwa. Mankhwala ake n'kuchotsa pulagi, kuiumitsa, kutaya kachitsulo kaja kuti moto usatuluke pa makina omwe chingwe chimakokekabe, kukoka chingwe kangapo kuti petulo wochulukayo atuluke, kudikira mphindi khumi, n'kuyesanso osatseka choke.

Mpweya

Fyuluta ya mpweya imasefa fumbi kuti lisalowe m'silinda. Ikadzaza fumbi kapena kunyowa ndi oyilo, injini imabanika. Ichotseni n'kuyesa kuliza injini kwa kanthawi kochepa pamalo opanda fumbi. Ikalira, fyulutayo ndiyo inali vuto. Yathonje lofewa longa siponji imachapidwa ndi sopo, kuumitsidwa, n'kupakidwa oyilo pang'ono kenaka kufinyidwa. Yapepala sichapidwa, imangogogodedwa, ndipo ikada kwambiri kapena kunyowa imafuna ina. Ena akaona kuti makina alira popanda fyuluta amangopitiriza kutchetcha choncho. Fumbi limapala silinda ngati mchenga, ndipo ndalama yomwe anakana kugulira fyuluta amadzailipira kambirimbiri pogula injini.

Moto

Makina okoka ndi chingwe alibe batire. Pamwamba pa injini pali gudumu lolemera lomwe amakaniko amalitcha flywheel, ndipo m'mbali mwake muli maginito. Maginitowo akamadutsa pafupi ndi koilo amapanga magetsi amphamvu omwe amalumpha pansonga ya pulagi. N'chifukwa chake chingwe chimafuna kukokedwa mwachangu ndi mwamphamvu. Kukoka mwaulesi sikutulutsa moto wokwanira.

Poyesa moto, lumikizani pulagi yomasulayo ku waya wake, gonekani mbali yake yachitsulo pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, ndipo musaigwire ndi dzanja. Mnzanu afinye kachitsulo ka pachogwirira n'kukoka chingwe. Pamthunzi mudzaona kamoto kobiriwira ngati thambo kakuthetheka. Kakakhala kofooka kapena kosaoneka, palani mwaye ndi kaburashi kawaya n'kuona mpata wa pansonga. Pa mainjini ambiri otere mpatawo umakhala pakati pa mamilimita 0.7 ndi 0.8. Pulagi yosweka mbali yake yoyera siikonzeka. Pogula ina tengani yakaleyo kusitolo kuti nambala zifanane, chifukwa pulagi yotalika mopitirira ikhoza kugunda pisitoni.

Pulagi yatsopano ikalepheranso, zulani kawaya kakang'ono kochokera ku koilo kupita ku chozimitsira, n'kuyesanso pulagi ili kunja. Moto ukabwerera, vuto ndi kawayako kapena chozimitsira. Ukapanda kubwerera, koilo yafa kapena yatalikirana ndi maginito. Mpata woyenera pamenepa ndi wochepa ngati kuchindikala kwa kakhadi kapepala. Bwezerani kawayako musanabwezere pulagi, apo ayi injini ikalira mudzasowa pozimitsira.

Moto ukhozanso kukhalapo koma n'kumafika pa nthawi yolakwika. Gudumu lija limagwirizana ndi mtanda wa injini kudzera pa kachitsulo kofewa kwambiri kotchedwa kiyi. Mpeni ukagunda mwala kapena chitsa, kiyiyo imadukira dala kuti mtanda usapindike. Gudumu limasuntha pang'ono, ndipo moto umayamba kufika pisitoni isanafike kapena itadutsa kale. Chizindikiro chake n'chakuti makina anazima mwadzidzidzi atagunda chinthu, ndipo tsopano chingwe chimabwerera mwaukali n'kukutsomphola m'manja. Kiyi ndi yotsika mtengo, koma kuchotsa gudumulo kumafuna zipangizo, choncho apa ndi poyenera makaniko. Musalole kuti aikepo msomali wodula m'malo mwake, chifukwa msomali suduka, ndipo tsiku lina chodzaonongeka ndi mtanda.

Kupanikizika ndi chingwe

Chingwe nachonso chimapereka umboni. Chikamakokeka mopepuka kwambiri, popanda malo olimba, mpweya ukuthawa m'silinda. Tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu, waya wa pulagi ali kutali, mnzanu akoke. Injini yabwino imakankha chalacho mwamphamvu. Ikalephera, mwina valuvu yakakamira yotsegula chifukwa cha dzimbiri kapena utomoni uja, mwina gasiketi yapsa, mwinanso mphete za pisitoni zatha. Zimenezi n'zofuna munthu wodziwa.

Chingwe chikakaniratu kukokeka, musachikakamize. Zulani waya wa pulagi, muone ngati udzu wouma kapena kamtengo sikanatsekereze mpeni, ndiponso ngati buleki yatayadi. Kenaka chotsani pulagi n'kukoka. Oyilo akatuluka pabowopo, ndiye kuti makina anagonekedwa molakwika ndipo oyilo anadzaza silinda. Akatuluka yense injini imalira, ngakhale imafuka utsi woyera kwa mphindi zingapo. Koma chikakanabe pulagi ili kunja, ndipo oyilo m'injini mulibe, pisitoni yagwirana ndi silinda. Ili ndiye vuto lalikulu pa onse, ndipo limapeweka ndi oyilo wongopitirira theka la lita.

Mawu omwe timagwiritsa ntchito

Monga wophunzira chiyankhulo, ndimachita chidwi ndi momwe timakambira za makina. Mneni wakuti kulira timamugwiritsa ntchito pa mwana, mbalame, ng'oma, belu ndi injini yomwe. Timati injini yakana, yamwa, yatsamwa, yadzuka, yafa, ngati kuti ndi chamoyo chokhala ndi mtima wake. Mayina a ziwalo zake ambiri ndi obwereka, ndipo tinawaonjezera malembo a liwu kuti agwirizane ndi maphatikizo athu, monga pulagi, sipanala ndi gasiketi. Mawu akuti makina, omwe amafanana ndi a Chipwitikizi, tinawaika m'gulu la Li-Ma chifukwa cha phatikizo loyambalo, kotero timati makina awa ngakhale ali amodzi.

Chofunika kwambiri pa nkhani ino ndi msintho wa mneni. Abwana amati, “Waononga makina.” Wantchito amayankha kuti, “Bwana, aonongeka.” Chiganizo choyamba chili ndi wochita. Chachiwiri chili mu msintho womwe kusukulu tinauphunzira kuti wochitidwa m'chibisira, ndipo Sam Mchombo anaufotokoza m'buku lake la The Syntax of Chichewa la m'chaka cha 2004. Msinthowu sulola kutchula wochita. Tikhoza kunena kuti makina aonongedwa ndi uje, koma sitingatchule munthu motero pa mawu akuti aonongeka. Choncho awiriwa akhoza kukangana tsiku lonse, wina kuloza munthu, wina kubisa munthu, popanda wofunsa chomwe chachitika m'kati mwa injini. Wofufuza amafunsa mafunso ena: makina anagwira ntchito liti komaliza, petulo ndi wa liti, anazima okha kapena anagunda chinthu. Mayankho a mafunsowa amaonetsa kuti nthawi zambiri wolakwa si yemwe wakoka chingwe lero, koma momwe makinawo anasungidwira miyezi yapitayo.

Mawu omaliza

Ndondomeko yonse ndi iyi: tetezani zala, onani zapafupi, werengani pulagi, yesani ndi kasupuni ka petulo, kenaka tsatirani mafuta, mpweya, moto ndi kupanikizika, chimodzi pa nthawi imodzi. Musasinthe zinthu ziwiri pakamodzi, chifukwa makina akalira simudzadziwa chomwe chinali vuto. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupewa ndiko kotchipa koposa. Mvula ikatha, lizani injini mpaka petulo athe yense m'thanki ndi m'kabuleta. Sinthani oyilo kamodzi pachaka kapena pakatha maola 50 a ntchito, tsukani fyuluta, palani udzu womata pansi, ndipo sungani makina pouma atakhala chilili. Musanatchetche, yendani pabwalo n'kutola miyala. Sukulu kapena mpingo womwe ungapatse wantchito wake ola limodzi lochitira zimenezi mu Meyi, udzakhala ndi makina olira mu Disembala, ndipo ukakafika kwa makaniko udzadziwa chomwe ukulipirira.